Masamba a maluwa a m'nyumba akachita chikasu, kupsa kapena kugwidwa ndi tizilombo

Tsamba likachita chikasu, anthu ambiri amathamangira kuthirira madzi ena kapena kuthira feteleza. Pa maluwa ochokera kumadera otentha monga monstera, philodendron, pothos, calathea, dieffenbachia, anthurium ndi ficus, zonse ziwirizi kawirikawiri zimangokulitsa vuto. Duwa limene lamira m'madzi limachita chikasu, lofa ndi ludzu limachita chikasu, loyamwidwa ndi tizilombo nalonso chimodzimodzi. Chosiyanitsa n'chakuti layamba ndi tsamba liti, mbali iti ya tsambalo, ndipo m'dothi muli bwanji. Tsono musanagwire botolo lililonse, yang'anani ngati vuto lili pa masamba akale a m'munsi kapena atsopano a kunsonga, gwirani tsamba mumve ngati lafewa kapena lauma, kenako mulitembenuze muone kunsi kwake.

Tsamba limodzi la m'munsi likamachita chikasu mwa apo ndi apo, pamene kunsonga kukutuluka masamba athanzi, palibe vuto. Langokalamba. Dulani, basi. Dziwaninso kuti tsamba lowonongeka kale nthawi zambiri silibwerera mwakale. Ngati mwachiza bwino mudzaonera pa masamba atsopano, ndiye musamasinthe mankhwala mlungu uliwonse poona kuti tsamba lakale likadali lachikasu.

Yambani ndi mizu

Chimene chimapha maluwa ambiri a m'nyumba ndi madzi okhalitsa mumphika. Mizu imafuna mpweya, ndipo mpweyawo umakhala m'timipata ta m'dothi. Madzi akadzaza timipata tonse kwa masiku angapo, mizu imabanika, nsonga zake zimafa, ndipo tizilombo towoletsa mizu monga Pythium ndi Phytophthora timapezerapo mwayi. Muzu wowola suyamwa madzi. Choncho duwa limafota ngati lili ndi ludzu pamene dothi lili chinyowere, mwini wake n'kuthiriranso, kumalizitsa mizu yotsala ija.

Zizindikiro zake ndi izi: masamba angapo a m'munsi amachita chikasu pa nthawi imodzi, amakhala ofewa osati ouma, mphika umalemera mukaunyamula ngakhale papita mlungu chithirireni, ndipo dothi limanunkha chivundevunde. Pa monstera ndi ficus mumaonanso zigamba zakuda kapena zofiirira zozunguliridwa ndi chikasu. Tsinde likafewa pamene lakumana ndi dothi, ndiye kuti zafika patali.

Musalote, zulani muone. Pendeketsani mphika, gwirani tsinde pakati pa zala, gogodani pansi pake mpaka dothi lonse lituluke pamodzi ndi mizu. Mizu yathanzi imakhala yoyera kapena yotuwirako, ndipo ndi yolimba mukaitsina. Yowola imakhala yakuda kapena yofiirira, yoterera, ndipo mukaikoka khungu lake limavuka n'kutsala kaulusi kopyapyala pakati. Dulani yonse yotereyi ndi sizasi imene mwaipukuta ndi spiriti, mpaka mufike pamene muzu uli woyera. Tayani dothi lakale, tsukani mphika ndi sopo. Ngati mwachotsa mizu yochuluka, chepetsaninso masamba, chifukwa mizu yotsalayo singakwanitse kumwetsa onse, ndipo bzalani mumphika wocheperako.

Pa nkhani ya mphikayi anthu amalakwa chifukwa cha chifundo. Amati duwa lipeze malo otakasuka, n'kuliika mumphika waukulu kwambiri. Dothi limene mizu sinafikeko limasunga madzi kwa nthawi yaitali chifukwa palibe chowayamwa. Posintha mphika, watsopano ungoposa wakale ndi masentimita 2 mpaka 5 m'mimba mwake. Ukhale wobowola pansi. Miyala yoika pansi pa mphika wosabowola sithandiza. Madzi amangokhala m'dothi la pamwamba pa miyalayo, pafupi kwambiri ndi mizu. Mukakonda mphika wokongola wopanda chibowo, bzalani mu wapulasitiki wobowola n'kuulowetsa m'kati mwa wokongolawo, ndipo muzitaya madzi amene atsikira pansi.

Dothi nalonso lisakhale logwirana. Ambiri mwa maluwa amenewa kwawo kunkhalango amayanga pamitengo kapena kumera pa masamba owolerana, ndiye mizu yake sinazolowere dothi lamakande. Sakanizani dothi la m'miphika ndi perlite (timiyala toyera topepuka), timakungwa tophwanya kapena mchenga wokhakhala, kuti mukathira madzi azituluka pansi posakhalitsa.

Siyaninso kuthirira potsata tsiku la pakalendala. Duwa lomwelo limamwa kwambiri nyengo yotentha ndi yowala, n'kumamwa pang'ono nyengo yozizira. Pisani chala m'dothi masentimita 3 kapena 5. Pa monstera, pothos, philodendron ndi ficus, dikirani gawo limeneli liume. Calathea amafuna dothi lachinyezi nthawi zonse, koma lachinyezi si lamatope. Nthawi yothirira ikakwana thirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, m'malo momadonthezera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Ludzu lenileni silivuta kulizindikira. Mphika umapepuka, dothi limalekana ndi khoma la mphika, masamba amapindika n'kuuma m'mphepete. Dothi likaumitsitsa chonchi limakana madzi, amangodutsa m'mbali n'kutulukira pansi, inu n'kumati mwathirira. Ikani mphika m'beseni la madzi kwa mphindi 20 kapena 30 kuti umwere pansi, kenako muusiye ukhe.

Nsonga zopsa ndi m'mphepete mouma

Ngati tsamba lonse lili lobiriwira koma nsonga yokha yauma n'kufiira, ganizirani mchere wa m'dothi. Feteleza ndi madzi a pampopi amasiya mchere, ndipo madzi akamauma mcherewo umatsala. Mudzaona zoyera ngati laimu pamwamba pa dothi kapena pamlomo wa mphika. Palani zoyerazo, kenako thirani madzi ochuluka, okwana kudzaza mphikawo kawiri kapena katatu, azingodutsa n'kutuluka pansi. Musathire feteleza kwa mwezi wathunthu.

Dracaena, chlorophytum ndi calathea sagwirizana ndi fluoride wa m'madzi ena a pampopi. Kugoneka madzi usiku wonse m'ndowa kumachotsa klorini, koma fluoride sachoka. Kwa maluwa atatuwa madzi a mvula ndi abwino kwambiri. Calathea amaumanso m'mphepete mpweya ukakhala wouma. Amasangalala chinyezi cha mumpweya chikapitirira 50 peresenti. Kumuwaza madzi ndi botolo kumangonyowetsa masamba kwa mphindi zochepa, sikusintha mpweya wa m'chipinda. Chimene chimathandizako ndi kuika maluwa pamodzi, kuwachotsa pafupi ndi chotenthetsera kapena choziziritsira m'nyumba, kapena kugwiritsa ntchito makina owonjezera chinyezi. Kunena chilungamo, calathea wopanda kansonga kouma ndi wosowa m'nyumba za anthu, ndipo ine sindiona chifukwa chosowera naye tulo. Dulani pouma potsata maonekedwe a tsamba, musiye kamzere kouma kuti musapange bala latsopano.

Dzuwa limawotcha mosiyana ndi mchere. Limasiya zigamba zoyezuka kapena zouma pakati pa tsamba, ku mbali yokhayo yoyang'ana pawindo, makamaka duwa likangochotsedwa kumene pamthunzi. Kuchepa kwa kuwala kumachita pang'onopang'ono: masamba atsopano amatuluka ang'onoang'ono, mfundo zimatalikirana, pothos wamawangamawanga amabwerera kukhala wobiriwira yense, monstera amaleka kutulutsa masamba ong'ambika. Duwa la mumdima limamwanso pang'ono, n'chifukwa chake mdima ndi kuwola kwa mizu zimayendera limodzi. Kuzizira kotsika pansi pa madigiri 10 kumadetsa masamba usiku umodzi wokha, makamaka amene akhudza galasi la windo. Ficus yekha ali ndi khalidwe lake: mukangomusuntha malo amayoyola masamba. Musiyeni azolowere, musawonjezere madzi.

Njala ya chakudya ibwere pomaliza m'maganizo mwanu

Ndaiika kuno dala, chifukwa anthu amaiganizira poyamba pamene si kawirikawiri kukhala gwero la vuto. Mizu ikakhala yathanzi, kuwala kuli bwino, tizilombo palibe, ndipo duwa lakhala m'dothi lomwelo chaka kapena kuposerapo osalandira kanthu, apo mukhoza kuganizira njala. Nayitirojeni akasowa, masamba akale amayezuka tsamba lonse mofanana, chifukwa chomera chimasamutsa nayitirojeni kuchoka ku masamba akale kupita ku atsopano. Magnesium akasowa, masamba akale amachita chikasu pakati pa mitsempha, mitsemphayo n'kutsala yobiriwira. Zomwezo zikaoneka pa masamba atsopano a kunsonga, ndiye ayironi. Nthawi zambiri ayironiyo m'dothi alimo, koma mizu ikulephera kumutenga chifukwa pH, muyezo wa asidi wa m'dothi, yakwera kupitirira 7 kapena mizu yayamba kuwola. Thirani feteleza wosungunula m'madzi, theka la muyezo wolembedwa pa botolo, pa dothi lonyowa kale, nyengo imene duwa likukula. Duwa lodwala mizu musalipatse feteleza. Mungowotcha mizu yotsalayo.

Madontho ozungulira ofiirira okhala ndi mkombero wachikasu, amene akukula ndi kufalikira ku masamba ena, amabwera ndi chuku kapena mabakiteriya. A mabakiteriya amayamba ngati malo onyowa kapena othimbirira mafuta, ndipo amakonda anthurium ndi dieffenbachia. Mankhwala ochiza tsamba lotere palibe. Dulani masamba ogwidwa, muwataye kutali, lekani kunyowetsa masamba pothirira, ndipo talikitsani miphika kuti mphepo izidutsa.

Tembenuzani tsamba

Tizilombo tambiri timakhala kunsi kwa tsamba ndi m'makhwapa mwake, pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Munthu amene amangoyang'ana duwa lake pamwamba amadzazindikira titaswana kale. Yatsani tochi ya foni, kapena jambulani chithunzi n'kuchikulitsa.

Kangaude wofiira ndi amene amavutitsa kwambiri, ndipo anthu amamusokoneza ndi njala ya feteleza. Kukula kwake sikufika milimita imodzi. Amaboola tsamba n'kuyamwa zam'kati, ndiye tsamba limadzaza timadontho totuwa ting'onoting'ono ngati labayidwabayidwa ndi singano, kuwala kwake n'kuzimirira ngati lachita fumbi. Mukayamba kuona ukonde wopyapyala m'makhwapa a masamba, dziwani kuti achuluka kale. Ikani pepala loyera pansi pa tsamba, gwedezani tsambalo. Timadontho tikagwa n'kuyamba kuyenda, ndi yemweyo. Mukatitikita ndi chala timasiya kamzere pa pepala. Si onse ofiira, ambiri ndi otuwa kapena obiriwirako okhala ndi madontho awiri akuda pamsana. Amakonda malo otentha ndi ouma, ndipo calathea, alocasia ndi croton ndiwo amayamba kugwidwa.

Kangaudeyu ali ndi miyendo 8, sali m'gulu limodzi ndi nsabwe za m'masamba kapena ntchentche. Choncho mankhwala ambiri ophera tizilombo samugwira. Imidacloprid, amene amathiridwa m'dothi kuti alowe m'chomera, amapha nsabwe ndi kodikodi koma kangaude samupha, ndipo nthawi zina akangaude amachuluka pambuyo pake. Yambani ndi madzi: tengerani duwa kubafa, phimbani dothi ndi pulasitiki, tsukani kunsi kwa tsamba lililonse ndi madzi othamanga, n'kupukuta ndi kansalu. Kenako poperani sopo kapena mafuta a nimu. Zikakanika, funani mankhwala olembedwa kuti ndi a akangaude a m'zomera.

Kodikodi amaoneka ngati tizidutswa ta thonje tomatirira m'makhwapa a masamba ndi m'masamba amene sanatambasuke. Zoyerazo ndi phula limene limamuteteza, n'chifukwa chake mankhwala opopera amangotsetsereka. Viikani kathonje ka m'makutu mu spiriti wa isopropyl wa 70 peresenti, mukhudze aliyense payekha. Phula limasungunuka, iye n'kufiira n'kufa. Yang'ananinso pansi pa mlomo wa mphika ndi pa ndodo yogwiriziza duwa. Pali mtundu wina umene umakhala kumizu. Ngati duwa likufooka popanda chooneka pamwamba, ndipo pozula mwapeza zoyera ngati ufa pa mizu ndi m'khoma la mphika, tsukani mizu yonse ndi kusintha dothi.

Scale samaoneka ngati chamoyo n'komwe. Ndi titotupa tofiirira tomata pa tsinde ndi m'mbali mwa mtsempha waukulu wa tsamba, tosayenda. Kandani ndi chikhadabo: kakachoka konse n'kusiya tsamba lili bwinobwino, ndi scale. Akuluakulu apaleni ndi mswachi wakale woviika m'madzi a sopo, chifukwa chigoba chawo sichilola sopo kulowa; ana awo oyenda ndiwo amafa ndi kupopera. Kodikodi, scale wofewa, nsabwe ndi ntchentche zoyera onse amatulutsa madzi a shuga. Masamba akamamata, pansi pa mphika pakamanata, nyerere zikamakwera ndi kutsika, kapena pakamera chuku chakuda ngati mwaye, fufuzani mmodzi mwa amenewa. Chuku chakudacho chimangofunika kupukuta, si ndicho matenda.

Nsabwe za m'masamba zimaunjikana pa mphukira, ndipo madzi ndi sopo zimathana nazo msanga.

Thrips ndi nkhani ina. Ndi tating'ono, totalika milimita 1 kapena 2, topyapyala, takuda kapena totuwa, ndipo ana ake ndi oyera mwachikasu. Timasiya zigamba zonyezimira ngati siliva zokhala ndi timadontho takuda, timene ndi ndowe zake, ndipo masamba atsopano amatuluka opunduka. Monstera ndi philodendron amagwidwa kwambiri. Kuvuta kwake n'kwakuti timaikira mazira m'kati mwa tsamba momwe, mmene sopo safika, mitundu yambiri imakakhwimira m'dothi, ndipo tikakula timauluka kupita ku duwa lina. Dulani masamba owonongeka kwambiri, ikani mapepala omata abuluu kapena achikasu kuti muziona ngati tikuchepa, ndipo poperani mobwereza. Mankhwala otchedwa spinosad amagwira bwino pa thrips kumene amaloledwa kugulitsidwa.

Tintchentche takuda touluka pamwamba pa dothi mukagwedeza mphika sitidya masamba. Mphutsi zake zimakhala m'dothi lonyowa la pamwamba, zikudya chuku ndi zowolerana, nthawi zina ndi timizu tanthete. Tikachuluka ndiye kuti mukuthirira mopitirira. Lolani pamwamba paume, ikani mapepala omata achikasu, ndipo ngati sitikutha thirirani ndi madzi osakaniza ndi Bacillus thuringiensis israelensis, bakiteriya amene amapha mphutsizo.

Chifukwa chake tizilombo timabwereranso

Dandaulo la anthu ambiri ndi lakuti anapopera, tizilombo tinatha, patapita milungu iwiri n'kubwerera. Sitinathe ayi. Sopo ndi mafuta amapha kachilombo kokhako kamene akakhudza, ndipo akauma ntchito yawo yatha. Mazira ambiri amapulumuka. Kangaude kukatentha amachoka pa dzira kufika poikira mazira ake pa mlungu umodzi kapena iwiri yokha. Choncho kupopera kamodzi n'kungotaya nthawi. Poperani masiku 5 mpaka 7 aliwonse, katatu kapena kanayi motsatizana, ngakhale simukuonanso kanthu. Pa kodikodi, scale ndi thrips pitirizani kufufuza kwa miyezi iwiri.

Kasakanizidwe kake: supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wosaluma, pafupifupi mamililita 5, mu lita imodzi ya madzi. Sopo wopangidwira zomera ndiye wabwino koposa; wotsukira mbale wamphamvu kapena wochapira waufa amawotcha masamba. Mafuta a nimu nawonso mamililita 5 mu lita imodzi ya madzi ofunda, ndi madontho ochepa a sopo kuti mafuta asakanikirane ndi madzi. Sakanizani ongokwanira tsiku limenelo, chifukwa akagona mphamvu imatha, ndipo muzikhutchumula botolo popopera. Yesani kaye pa tsamba limodzi, mudikire tsiku kapena awiri. Poperani madzulo kapena pamthunzi, chifukwa mafuta ndi dzuwa zimawotcha tsamba, ndipo musapopere duwa lofota ndi ludzu. Nyowetsani kunsi kwa masamba ndi tsinde mpaka zidonthe. Mankhwala a m'botolo tsatirani muyezo wolembedwa, poperani panja kapena mawindo ali otsekula, kutali ndi ana ndi ziweto. Podula dieffenbachia, philodendron, pothos ndi monstera valani magolovesi. Utomoni wake uli ndi calcium oxalate amene amayabwa pakhungu ndi kutupitsa m'kamwa, ndiye zodulazo zisasiyidwe pamene mwana kapena mphaka angatole.

Njira ina imene tizilombo timabwererera ndi duwa loyandikana nalo limene simunaliyang'ane. Mukapeza vuto pa limodzi, lipatuleni, koma fufuzani onse a m'chipindamo, n'kupukuta shelefu, windo ndi timbale ta pansi pa miphika. Duwa latsopano, kaya mwagula kaya mwapatsidwa, likhale palokha milungu 3 kapena 4 lisanasakanikirane ndi anzake. Chimodzimodzi limene linali pakhonde n'kulowetsedwa m'nyumba.

Pena duwa limafika poti kulimbana nalo n'kuika ena onse pachiswe. Ngati thrips kapena kodikodi walowa tsamba lililonse, kapena tsinde lawola kuchokera pansi, pulumutsani kachidutswa. Pa pothos, philodendron ndi monstera dulani nthambi yathanzi yokhala ndi mfundo imodzi kapena ziwiri, kutali ndi powola, muitsuke ndi madzi a sopo, muiike m'madzi oyera mfundo itamira koma tsamba lili kunja. Sinthani madzi pakapita masiku angapo, ndipo mizu ikatalika masentimita 5 bzalani mumphika waung'ono. Chotsalacho chikulungeni m'jumbo pamodzi ndi dothi lake n'kutaya. Musachiike pa manyowa, ndipo mphikawo muutsuke ndi madzi otentha ndi sopo musanabzalemo china.